Makoma Athu a ku Kabwata

Fungo la laimu wonyowa likandipeza, ndimaona Ba Saidi, kalipentala wachiyao amene tinkayandikana naye ku Kabwata, ataima pampando wathu, kofia itapendekera, misomali ali nayo kukamwa, koma akulankhulabe.

Anali masiku a chipani chimodzi, pamene sopo ankapezeka pamzere. Nyumba yathu inali yakale, ya kanselo, ndipo mu Juni makoma ake ankazizira ngati mtsuko. Mng'ono wanga Tisa anali ndi mphumu. Akagona, chifuwa chake chinkalira mluzu, amayi n'kumangosuntha mbaula uku ndi uku.

Ba Saidi anabwera ndi mapulasitiki a matumba a feteleza, nawakhomera m'makoma onse a kuchipinda, mabowo a mphepo n'kuwatseka ndi nyuzipepala. Kunatenthadi, ndipo tinawayamika mpaka anachita manyazi. Koma tisanazolowere n'komwe, mabulangete anayamba kununkha chinyezi, madzi akutsetsereka kuseri kwa pulasitiki, nkhungu yakuda itamera m'makona. Tisa anafika polephera kumaliza mawu. Ndinachita mantha kwambiri.

Amayi sanafune kudandaula kwa munthu wamkulu amene anatithandiza ulere. Ba Saidi anamva okha chifuwacho ali panja, akupala thabwa. Analowa osaodira n'komwe.

“Amake Tisa, nalakwa ine,” anatero. “Nyumba naivalika lenikoti, manje yapiba thukuta. Chosani mwana, agone kwathu.”

Anang'amba zonse ndi manja awo. Anapala nkhungu, natsegula mabowo aja, nasiya makoma aume masiku angapo, ife tikunjenjemera ndi kuzizira. Kenako anapaka laimu, anakhoma timatabwa, pamwamba pake mphasa ndi ziguduli, kusiya mpata kuseri kwake woti dzanja langa n'kulowa, wotseguka pansi ndi pamwamba.

“Chipupa chifunika kupema monga iwe,” anandiuza, kutanthauza kupuma. “Ukachitseka pakamwa, chizakulilila.”

Tisa atabwerera, m'mawa wina amayi anathamangira kuchipinda chifukwa kunali zii. Anamupeza ali m'tulo, akupuma mwakachetechete. Anakhala pansi n'kulira.

Ba Saidi anamwalira kalekale, ndipo sindikudziwa ngati ndinawathokoza mokwanira. Tisa lero ndi agogo, ndipo m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ndiye amakuwa kuposa onse, nthawi zina mophonya nyimbo. Anthu amatsinana, ena amaseka. Ine ndimangomusiya akuwe.