Tinsanza pa Mtengo wa Abambo

Fungo la dothi lonyowa ndi masamba owola limandibwezera ku Barking, tauni ya kutsidya kwa nyanja kumene ndinakulira, kukagadeni ka kuseri kwa nyumba yathu, m'nyengo yozizira imene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chimenecho abambo anadwala sitiroko. Zala za dzanja lawo lamanja zinapinda ngati zafumbata mtedza, ndipo ankangokhala pazenera, osalimbitsa dzanjalo monga anawauzira adokotala. Tinkaopa kuti lifa ndithu.

Loweruka lina amayi anawakakamiza kupita nafe kogulitsa mbande. Tinadutsa mitengo yobiriwira yowongoka bwino, koma abambo anaima pa kamtengo kopanda tsamba, nthambi zake zopotanapotana ngati waya wotayidwa. Wogulitsa anati ndiwo mtundu wake, umakongola chisanu chikagwera panthambi. Abambo anasankha womwewo, ndipo ine ndinachita manyazi kuunyamula m'basi.

Amayi anakulira pafamu ku Zimbabwe, kumene agogo ochokera ku Dedza ankadzala bulugamu. Kumeneko mbande yokhota amaimangirira kundodo mpaka iwongoke. Titangoudzala mtengowo, amayi anazika nsungwi n'kumanga nthambi iliyonse ndi tinsanza ta chitenje chakale. Abambo ataona pazenera anapsa mtima, natuluka opanda jekete. Mfundo ziwiri anamasula ndi dzanja lamanzere. Yachitatu inakana, mpaka anagwiriziza ndi lodwala lija, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

M'mawa mwake nthambi zinali zitamangidwanso.

"Amake mwana, usiyeni mtengowu, unabadwa choncho," anatero abambo.

"Pakhomo panga chinthu chokhota ayi," anayankha amayi, akuthamangira sitima ya kuntchito.

Zinapitirira chonchi mpaka mtengo unatulutsa timaluwa tachikasu tolendewera. Amayi amange, abambo amasule, akung'ung'udza, zala zili njenjenje ndi kuzizira. Ndinawakwiyira amayi chifukwa cha liuma lawo, ndipo sindinaone kuti abambo ayamba kumanga okha mabatani a malaya.

Chaka chatha, abambo atatisiya, amayi ankandithandiza kumangirira tomato kwanga. Mfundo yawo ya kufamu inali yolimba, yofuna mpeni. Ndinawafunsa kuti abambo ankaimasula bwanji ndi dzanja lodwala.

"Tsiku loyamba lokha ndi limene ndinkawongoladi mtengo," anatero osadzutsa mutu. "Masiku enawo ndinkamanga molekerera, n'kumalimbitsa pang'ono sabata iliyonse."

Ndili mwana ndinkaona anthu awiri akukanganira mtengo wonyansa. Lero ndimaona mayi akutuluka panja kukali chisanu kukamanga mfundo yoti mwamuna wake athe kuimasula.