Mfundo ya pa chitenje cha Esinati

Usiku watha ndinalota ndili kuchigayo, ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi. Kuti mumvetse bwino, ndili ndi pakati pa miyezi iwiri. Ndinapitapo padera kawiri, ndiye ulendo uno ndinafuna kukhala chete mpaka mimba itaoneka yokha. Ndinangonong'oneza munthu mmodzi, Esinati, mnzanga wa kukwaya. Sabata isanathe amayi onse a kukwaya anali akundiyang'ana pamimba, apongozi anga n'kukamva nkhaniyo kwa ogulitsa tomato. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Ndiye m'malotomo chigayocho chinali m'kati mwa tchalitchi chathu, pamene pamakhala guwa. Amayi anali pamzere, koma palibe anasenza chimanga. Aliyense anali atamanga chinsinsi chake pakona ya chitenje, momwe timamangira kiyi wa nyumba. Nditagwira changa, ndinapeza mfundo ili yomasuka. Kuyang'ana kutsogolo, Esinati anali atachikhuthulira kale m'chigayo, uku akuyimba alito yake ija yosalongosoka. Ufa unkauluka n'kumagwera aliyense, anthu akunyambita milomo.

Kenako ndinaona mfundo yake, yaikulu ngati dzungu, ikumukoka chitenje. Za m'menemo ndinkazidziwa, chifukwa ngakhale kunja kwa maloto anandiuza yekha akulira kuseri kwa bafa langa: Tadala, mwana wake wamkazi, si wa mwamuna wake. Zaka zonsezi sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a kunyumba kwanga. Ndinamva kukoma mumtima, ndisaname. Ndinati lero aona polekera.

Ndinamuthamangitsa, ndiye tinangopezeka tili m'minibasi, ikuyenda cham'mbuyo. Kondakitala anali mwamuna wake, atavala jekete lija amavala pa Mgonero. Sankalandira ndalama, aliyense ankalipira ndi chinsinsi cha mnzake. Atafika pa ine ndinamuuza kuti ine ndili nacho chonona, chokwanira ulendo wa basi yonse.

Esinati anagwada pakati pa mipando, nkhope yonse ili mbuu ndi ufa uja.

"Mnzanga, undipha," anatero.

"Nanga changa unachimanga ndi chiyani?" ndinamufunsa.

Anakumbatira mfundo yake. Ndinamulanda chitenje n'kuyamba kumasula. Mfundoyo inali yolimba, zala zinakanika, ndiye ndinaikapo mano. Anthu ankandiombera m'manja, apongozi anga ali pampando wa dalaivala akuliza hutala. Sindinamve chisoni ngakhale pang'ono, ndinkangofuna naye alawe momwe zimakhalira anthu akamakudya ndi maso.

Mfundo itamasuka simunatuluke mawu ayi. Munatuluka Tadala, wamng'ono wokwana pachikhatho changa, atavala yunifolomu, nsapato imodzi ili m'manja. Anayang'ana bambo akewo, kenako ine.

"Anti, adadi akundiyang'ana choncho bwanji?"

Pompo ndinadzidzimuka, nditaluma kona ya pilo, dzanja lili pamimba.

Tsono anzanga, tandimasulireni. Loweruka likubwerali tikukumana kukwaya, mwamuna wake amabwera kudzamutenga tikaweruka, ndipo mawu omuuza bamboyo za Tadala ndinawakonza kale Lachiwiri. Esinati sindinamukhululukire, musandinamizire zimenezo. Koma chiyambire m'mawa ndikayesa kuwabwereza mawu aja, ndikumangomva kamwana kaja kakundifunsa. Kodi malotowa akundiuza kuti ndimasule, kapena ndimangenso?