Phulusa m'makoko a nyemba

Za khola losasesa ndinazimva kwa mnzanga wina amene timaphunzitsa naye pashikola ina ku Ulongwe. Nthawi imeneyo ndinali nditatopa zenizeni. Kudzuka, kusesa zitosi, kuwatenthetsera madzi amayi, kenako liwiro kukadikira chapa, kaminibasi kathu, kumsewu, fungo la nkhuku lili m'manja. Iye anati ndileke kudzizunza. Ndithire makoko a nyemba m'kholamo, ochuluka omiza phazi, ndiziwaza chimanga pang'ono pamwamba kuti nkhuku zizipalasa n'kumatembenuza zokha. Pakayamba kafungo, ndiwonjezere ena ouma. Kuwola kawiri pachaka basi, n'kukathira kudimba la mbatata. Makoko tinali nawo mulu kuseri kwa nyumba. Ndinayesa, ndipo zinathekadi. Fungo linatha, ndipo m'kholamo munkafunda ngakhale m'miyezi yachisanu.

Amayi sanazikonde. "Ulesi wa anthu ophunzira uwu," ankatero akamadutsa pakholapo. Ndakhala nawo chimwalirire bambo, ndipo ndikapita kuntchito ankatsala okha tsiku lonse. Mlongo wanga wa ku Tete anali atanena kangapo kuti awatenge, poti kwake anthu sachoka pakhomo. Ndinkamuzazira pafoni. Munthu wobadwira kuno kozizira ukamuike m'ng'anjo muja? Amayinso ankati akawakweza galimoto adzafikako ali mtembo. Koma kunena zoona mantha ndinali nawo. Anali atayamba kuiwala tinthu, mchere kuthira kawiri, chitseko kusiya pululu. Ndikaima pabolodi choko chili m'manja, mtima unkakhala uli kunyumba.

Kwathu kuno mankhwala a utitiri ndi phulusa. Mkazi akadzuka amawola phulusa la moto wadzulo m'phale, n'kukawaza m'khola. Amayi achita zimenezi chiyambire utsikana wawo, ndipo palibe chinapsapo, chifukwa khala likagwera padothi losesa limazima lokha. Makoko ouma ndi nkhani ina. Ndinawaikira chitini choti phulusa lizigonamo masiku awiri lisanalowe m'khola, ndinawafotokozera bwinobwino.

"Wabadwa liti iwe kuti undiphunzitse phulusa?" anandiyankha. Koma anamvera, kapena ine ndinkaganiza choncho.

Linali la Sabudu, Loweruka, mwezi wa Agosito, kuli chimphepo chija chogwetsa zovala pachingwe. Ndinkachapa kuseri kwa nyumba. Ndinamva fungo lachilendo, losakhala la nkhuni, lowawa kukhosi. Ndinayang'ana kukhitchini, kulibe kanthu. Ndinayang'ana kwa aneba, zii. Nditatembenukira kukhola ndinaona kautsi kakutuluka m'mipata ya nsungwi, kochepa ngati ka ndudu. Ndinathamanga ndi malaya onyowa amene ndinkafinya, osadziwa n'komwe kuti ndawanyamula.

M'kholamo munalibe lawi. Utsi unkangofuka pansi pa makoko, apa ndi apo. Ndiye uchitsiru wanga, ndinapalasa ndi phazi kuti ndione. Mphepo inangolowa pamenepo, moto n'kuti lawilawi, kufika m'mawondo. Denga la kholalo ndi laudzu, lalifupi, loti umalowa chowerama. Ndipo ndi pamene ndinawaona amayi. Anali pakona yakumapeto, kuseri kwa utsi, atagwada pa dengu la nkhuku yofungatira, akutola mazira limodzilimodzi n'kumaika m'kapulana, chitenje chimene anavala. Moto unali pakati pa iwo ndi ine.

"Amayi, tulukani!"

Sanacheuke n'komwe. "Dikira, atsala anayi," anatero, mawu ali phee ngati tili pamsika.

Sindidziwa kuti ndinadutsa bwanji. Ndimakumbukira kutentha m'miyendo ndi nkhuku ija ikundiwomba kumaso ndi mapiko. Ndinawagwira m'chiuno n'kuwakoka. Anakakamira nsanamira ndi dzanja limodzi, nkhalamba yamphamvu ngati imeneyo sindinaionepo. Mpendero wa kapulana yawo unagwira moto. Ndinaumenya ndi malaya aja, kumenya, kumenya, uku ndikukuwa ngati wamisala, iwo akuzimanso ndi dzanja lawo. Titagwera panja udzu wa denga unali utayamba kuthetheka. Ndinawakhalira pamiyendo kuti asabwereremo, mkodzo utanditayikira osaumva.

Aneba anabwera ndi ndowa, ena ndi makasu kukwirira ndi dothi. Nyumba inapulumuka chifukwa mphepo inkapita kumunda. Khola linatha lonse. Dzanja lamanja la amayi linali litatuwa, khungu litasupuka m'chikhatho. Bambo wina woyandikana nafe anawakweza panjinga yamoto, ine pambuyo nditawagwira, mpaka kuchipatala.

Panjira yonseyo ndinawakalipira. Ndinawauza kuti ndi osamva, kuti akufuna kundiphera m'manja, kuti anthu adzati ndinawotcha mayi anga chifukwa cha ulesi wosesa. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Iwo ankangoyang'ana minda ikudutsa. Titabwerako ndinapeza phale lawo pakhomo pa khola, chitini chija chili chodzaza, chosakhudzidwa.

La Dumingu sitinapite kutchalitchi. Ndinkangowatsatira paliponse, ngakhale kuchimbudzi ndinkaima panja. Ndinadziuza kuti moto wawaphunzitsa, kuti munthu amene wapsa chonchi sangabwerezenso. Ndinkafuna kwambiri kuti zikhale choncho.

M'mawa mwake ndinavala, ndinatenga chikwama cha makope, ndinawaikira phala patebulo. Ndinawapeza ataima pabwalo, akuyang'ana nsanamira zakuda zija. Anakweza dzanja lomangidwa nsalu yoyera, analitembenuza uku ndi uku, kenako anandiyang'ana ine.

"Iwe, khola lija wawotcha ndani?"

Ndinayesa kuti akundinyogodola monga mwa masiku onse. Ndinawayang'anitsitsa m'maso, ndipo munalibe chipongwe. Ankafunsadi. Za moto uja anali ataziiwala.

"Ndine, amayi," ndinatero.

"Ndi dzanjali, wandimanga chifukwa chiyani?"

Ndinati anadzicheka ndi mpeni. Anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba. Kumsewu chapa inaimba hutala kawiri, inadikira pang'ono, inapita. Ine ndinakhala pansi pakhonde, chikwama chili pamiyendo, ndikuopa ngakhale kufika pachipata. Ndinatulutsa foni, ndinaiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinamuimbira mlongo wanga. Sanandifunse zambiri. Ndinangoti abwere la Sabudu, ndipo abwere ndi galimoto.

Amayi anali atamva. Anasuzumira pakhomo nkhope itawala, n'kufunsa ngati kukubwera alendo, kuti adziwiretu nkhuku yoti aphe.