Alamu Anga Ankayenda pa Khadi Langa

Banki itandipatsa khadi la ngongole, mtsikana wa pakauntala anandichenjeza za akuba a pamakina otapira ndalama. Anati ndizibisa nambala yachinsinsi ndi chikhatho. Ndinamvera ndithu. Za alamu sananenepo kanthu.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'sitolo ya holoselo ku Doornfontein, ndikukhala ku Ivory Park. Kuseri kwa nyumba yanga ya lendi kunali kanyumba kamalata komwe munkakhala mlongo wanga ndi amuna ake, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Machinga kudzasaka ntchito ku Joni.

Loweruka lina masana mvula inatitsekereza ine ndi alamuwo ku Rosebank, foni yanga itathima.

"Alamu, tiitanitse galimoto pafoni yangayi," anatero. "Mungolowetsamo manambala a khadi lanu lija."

Ndinalowetsa. Palibe anandiuza kuti foni ikameza manambala, silavula.

Pasanapite nthawi foni yanga inabedwa pa renki ya matakisi. Ndinagula simu ina, osawauza a banki. Choncho mameseji onse onena kuti khadi lagwiritsidwa ntchito ankapita kwa wakuba uja. Mu Joni monse, munthu yekhayo amene ankadziwa bwino za chuma changa anali tsotsi.

Alamu aja anasintha. Munthu amene ankandipempha ya thiransipoti anayamba kutuluka m'mawa atavala jekete, galimoto yoyera ikuwadikira panja. Ankakhala mpando wakumbuyo ngati nduna ya boma, ati akukasaka ntchito. Ine ndinkawatsegulira geti, kuwabayibitsa, kenako n'kuthamangira takisi yodzaza. Ndinkauza anzanga kuti mwamuna wa mlongo wanga ndi wochangamuka.

Ndinazindikira ndikugula zinthu m'sitolo ina, katundu ali tho m'ngolo, mzere kumbuyo kwanga wautali. Nditapereka khadi, makina analira, wapakauntala n'kunena mokweza kuti onse amve, "Lakana, baba."

Ku banki anandionetsa maulendo onse: Midrand, Sandton, Rosebank, chiwongoladzanja chili pamwamba. Ndinati ndaberedwa.

"Manambala munalowetsa nokha?"

"Eya, koma kamodzi kokha."

"Ndiye si kuba kumeneko, baba. Ndi ngongole yanu." Anamwetulira n'kundifunira tsiku labwino.

Alamu ndinawapeza akupukuta nsapato.

"Aaa, alamu, ine ndimayesa ndi pulomoshoni! Foniyi sinandifunsepo ndalama."

"Nanga nkhuku zimene zimabwera panjinga yamoto zija?"

"Zimenezo munadyako nanunso."

Sananame. Ndinadyako, ndipo ndinathokoza ndi manja awiri.

Nkhani inafika kwa amalume athu ku Tembisa. Nditatchula za polisi, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mapepala ake okhalira m'dziko muno anatha kale. Ukufuna am'kweze basi yobwerera kumudzi, mlongo wako atsale yekha kuno? Iwe uli pantchito, pirira."

Ndinapirira, banki ikudula malipiro anga mwezi ndi mwezi mpaka Khirisimasi inadutsa.

Alamu ntchito anaipeza, ya m'dimba la maluwa panyumba ina ku Rosebank. Adona a panyumbapo ati anawakonda chifukwa ankafika nthawi yabwino, nsapato zopanda matope. Alamuwo ankauza aliyense kuti ndi mapemphero. Atalandira malipiro oyamba anandibweretsera botolo la chakumwa chozizira, n'kukhala pampando wanga, mwendo pamwamba pa unzake.

"Makhadiwa muzisamala nawo, alamu," anandilangiza. "Ine sindingatenge. Ndi oopsa."