Kope la Chilatini la ababa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero pokonza m'chigafa kuno ku Santhe ndapeza kope la Chilatini lomwe ababa ankaphunzitsira nthawi ya chipani chimodzi. Ndawaonetsa kopelo.

Andilozera mawu akuti anxius. Akuti amatanthauza munthu wankhawa, ndipo mawuwa anachokera ku mawu otanthauza kufinya pakhosi. Mwamuna ndi anxius, mkazi ndi anxia.

Kenako akuti, "Ndinkaphunzitsa mawu amenewa tsiku lomwe anthu ena anabwera pagalimoto kudzatenga aphunzitsi anzanga, a Nyirenda. Atandifunsa ngati ndi mnzanga, ndinakana. A Nyirendawo anafera kundende."

Chichokereni m'mawa sanadye kanthu. Akufuna tiwaperekeze ku Kaluluma akapepese kwa ana a malemuwo, omwe sadziwa zimenezi.

Achimwene, mukuti bwanji? Tipite nawo, kapena tingokawaliritsa anawo?