Kajuzi ka mitundu iwiri

Amayi anga ankaluka tijuzi ta makanda ndi ulusi wa wulu kunyumba kwathu ku Chimwemwe, ndipo ogula anali anzawo a chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Ine nditangoyamba ntchito ya muofesi m'tauni ya Kitwe ndinadziona wotsogola. Ndinawauza kuti msika weniweni uli pa foni masiku ano, bola zithunzi zikhale zooneka bwino.

Zithunzi zoyamba zinatuluka zamdima, chifukwa pabalaza pathu zenera ndi limodzi, nalonso loyang'ana khoma la aneba. Ndiye Loweruka lina m'mawa ndinapempha katoni pagolosale n'kuiboola mbali ziwiri. Mabowowo ndinawaphimba ndi nsalu yoyera yopyapyala kuti kuwala kufewe, m'kati ndinayalamo pepala loyera. Mababu awiri owala kwambiri ndinawamangirira pamipando, lina uku lina uku. Nditayatsa ndinadzitama ndekha. M'katonimo munkaoneka ngakhale kaubweya.

Ndinaikamo kajuzi kachikasu kamene amayi anamaliza dzulo lake. Ndi pamene ndinaona kuti mkono umodzi unali wachikasu chowala, kwina konse chikasu chofuwirira. Pakhosi panali timabowo pomwe ulusi unadumphidwa. Ndinayesa kena, nakonso chimodzimodzi.

Mtima wanga ndi wapachala, ndipo pakamwa panga sipadikira mutu. Ndinawaitana pakhonde pomwe ankachapa.

"Amama, mwayamba nchito ya changu-changu? Onani, wulu mwasakaniza. Nizagulitsa bwanji vinthu va so?"

Anapukuta manja pachitenje n'kuwerama pakatoni. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kajuziko, kukayandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno, n'kukabwezeranso pakati pa mababu.

"Awe, mwana wanga, si wulu imodzi iyi?"

"Imodzi kuti? Na mabowo aya simuyaona?" Ndinaloza ndi chala, mawu adakali m'mwamba.

Anatsatira chala changa, koma maso awo anagwera pambali. Mkwiyo wonse unandithera pomwepo, manyazi n'kundigwira. Sankakana dala, sankaonadi. Tinkagona nyumba imodzi, ndinkawaona akuimba kutchalitchi buku lili lotseka, ine n'kumati nyimbo anaziloweza. Kuchipatala anadzatiuza pambuyo pake kuti ndi ng'ala. Mpaka lero zimandipweteka kuti nkhani imeneyi sanayambe kuimva kwa dokotala, anaimva kwa mwana wawo akuwakalipira.

Ndinazimitsa mababu. Ndinati si kanthu, makanda sasankha mitundu, tijambula tsiku lina. Iwo anakhala pampando kajuzi kali pamiyendo, akukasisita ndi chala mpaka anapeza timabowo tija. Sanandidzudzule, ndipo zikanakhala bwino akanatero.

"Vonse vili so?" anafunsa.

"Vina chabe, amama."

"Manje anzanga aja a chigwirizano, maso yao ni yabwino. Amaona. Ndiye miyezi yonse iyi anali kugula chabe chifundo?"

Ndinati ayi. Koma ndinachedwa kuyankha, ndipo kuchedwako anakumva. Kuyambira tsiku limenelo sanalukenso.