Malata a Atate

Nkhondo yaikulu yachiwiri ija itangotha, atate, amene anali kalaliki ku boma, anasasula udzu pa nyumba yathu ku Chiparamba n'kukhomapo malata, n'kuikanso zenera lagalasi. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Amayi okha ndi amene sanalulutire. Anazungulira nyumbayo maso ali kudenga, kenako anafunsa kuti, "Bambo a ana, dzuwa likalowa muno, lizitulukira pati?"

Atate anangoseka.

Pofika Okutobala, yankho linabwera lokha. Udzu uja unkapuma, koma malatawa ankamwa dzuwa tsiku lonse n'kumatilavulira m'nyumba. Ngakhale madzi a mumtsuko anayamba kufunda. Amayi anasamutsira mtsukowo kukhitchini yaudzu, ndipo Lamulungu masana atate nawonso ankapezeka komweko, ati akuyang'ana nkhuku.

Lero adzukulu anga akuti utsi wa mafakitale ndi magalimoto wafolera dziko lonse, moti kutentha kwa dzuwa kukulowa koma kukukanika kutuluka. Ine sindikudabwa. Chinthu chonyezimira chikabwera, ndimayamba ndafunsa funso la amayi lija. Komatu ife tinali ndi khitchini yothawirako. Nanga anawa athawira kuti?